Tisanafulashe foni, tisunge chiyani?

M'makomo mwathu mwambiri muli foni imene wachinyamata anaitsegula n'kuikamo Android wina. Foni yotere imafuna kusamala, chifukwa kulakwitsa kamodzi kungatitayitse zithunzi za ana komanso netiweki.

Mkati mwa foni muli zigawo, ndipo pulogalamu ya TWRP imatifunsa zigawo zoti tisunge. Choyamba ndi EFS. M'mafoni ambiri, monga a Samsung, chigawochi chimasunga IMEI, nambala ya madijiti 15 imene imazindikiritsa foniyo. Chikawonongeka, foni imayaka bwinobwino koma osagwira netiweki, ndipo EFS ya foni ya mnzathu singatithandize.

Kenako tisunge Boot ndi System pamodzi, ndi Vendor ngati ilipo, popeza izi ndi zimene zimayatsa foni. Data imasunga mapulogalamu ndi mauthenga athu. Cache tingaisiye.

Apa ndi pamene ambiri timapunthwa: TWRP ikamasunga Data imasiya zithunzi, mavidiyo ndi nyimbo. Zimenezi tizikopere tokha pa kompyuta kapena pa memori khadi, ndipo zonse zimene tasunga zisagone m'foni momwemo.

Pobwezeretsa tisangochonga zonse. Foni ikakana kuyaka, tibwezeretse Boot, System ndi Vendor zimene tinasunga tsiku limodzi. Data ya Android wakale ikaikidwa pa Android wina, foni ikhoza kumangozima ndi kuyaka. EFS tisaikhudze pokhapokha IMEI itasowa.

Madzulo ano tiyimbe *#06#, nambala imene iwonekeyo tiilembe m'kope limene timasunga pakhomo.