Msilikali Amene Adalandira Mendulo Akumuyesa Wakufa

M'midzi ya ku Kasungu, kumene mwamuna amadziwika ndi mabelo a fodya amene watumiza ku okushoni, mbiri ya asilikali a Keyala yatsala pang'ono kuzilala. Nkhalamba zambiri zimene zinkavala mamendulo m'mwezi wa Novembala zidatsikira kulichete. Komabe pali nkhani imodzi yoyenera kuti mphunzitsi aliyense aidziwe.

M'chaka cha 1937, Mngelezi wina, Eric Wilson, adatumizidwa ku gulu lachiwiri la King's African Rifles, la asilikali a Nyasaland, ndipo adaphunzira Chinyanja. Mu Ogasiti 1940, Ataliyana atalowa m'dziko la British Somaliland, iye anali kutsogolera Asomali owomba mfuti zachiwaya paphiri lina la pampata wa Tug Argan. Tsiku loyamba, pa 11, bomba lidamuvulaza paphewa ndi m'diso, nkuphwanyanso mandala ake. Sajeni wake, Omar Kujoog, adafera pambali pake. Malungo nawo sadamusiye. Iye adakonza mfuti zoonongeka nakhalabe pomwepo mpaka pa 15, pamene adani adalanda phirilo. Boma la Britain lidamupatsa Victoria Cross likumuyesa wakufa, chonsecho munthuyo anali moyo m'ndende ya Ataliyana ku Eritrea. Adamwalira mu 2008.

Ena amati ulemu wotere ngwa atsamunda, ndipo nzoonadi kuti nkhondoyo sidayambire pakhomo pa Mmalawi. Koma chimene chidasunga Asomali aja paphiri sichinali mbendera ya Mfumu George. Iwo ankaona kuti pamene chipolopolo chikuwafuna, mtsogoleri wawo ali pomwepo. Ngakhale pa esiteti nchimodzimodzi: kapitawo wogona tulo anyamata akuchezera kusonkhezera moto m'balani amamveredwa chifukwa cha malipiro basi.

Chodandaulitsa chili pena. Gulu lachiwiri la Nyasaland lija lidamenya nawo nkhondo yomweyo ya Tug Argan, ndipo mu 1944 asilikali a dziko lino adakafika ku Burma. Dzina la Wilson lili m'mabuku ambiri. Nanga a iwowa ali kuti? Ana a sukulu za ku Kasungu atati afunse agogo awo, nalemba dzina la msilikali, mudzi wake ndi nambala yake, angapeze mamendulo ena akadali m'masutikesi akale, atakulungidwa m'kansalu pamodzi ndi ziphaso za msonkho.