Mawu ofanana ndiwo amagwetsa munthu

Ulendo uno tikambe za ana athu amene akuphunzira Chisipanishi, chiyankhulo cha ku Spain, Mexico, Cuba ndi Equatorial Guinea, poganizira za maphunziro kapena ntchito kunja.

Tiyambire ku Thyolo. Alomwe ambiri adachokera ku Mozambique kudzagwira ntchito m'minda ya azungu, ndipo m'minda ya tiyi, monga wa Satemwa umene udayamba mu 1923, woyang'anira antchito amatchedwa kapitawo. Liwuli lidachokera ku Chipwitikizi, monganso nsapato, kalata ndi mbatata. Chisipanishi ndi mbale wake wa Chipwitikizi, choncho mupezamo capitán, zapato, carta ndi batata. Mulinso mawu a Chiarabu, chifukwa Asilamu adalamulira mbali za Spain kuyambira 711 mpaka 1492. Mwachitsanzo azúcar, shuga, adachokera ku as-sukkar, ndipo aceite, mafuta, adachokera ku az-zayt.

Wophunzira akaona zimenezi amasangalala, nkuyamba kungolota tanthauzo la liwu lililonse looneka lodziwika. Apa ndi pamene pali msampha.

Oficina m'Chisipanishi ndi ofesi, koma m'Chipwitikizi ndi malo okonzerako zinthu monga galimoto. Largo ndi chinthu chachitali, pamene kwa Apwitikizi ndi chotambalala. Ngakhale tiyi wa ku Thyolo ali ndi zake: té ndi tiyi, koma te wopanda kachizindikiro pamwamba ndi "iwe", monga m'mawu akuti "ndakuona".

Vuto lina ndi lilime lathu. M'Chichewa l ndi r sizisintha tanthauzo, koma kumeneko pelo ndi tsitsi, pero ndi "koma", ndipo perro ndi galu.

Tsono pali mawu okhudza chakudya, amene Msilamu sayenera kuwachitira chibwana. Jabón ndi sopo, jamón ndi nyama ya nkhumba. Kusiyana kwake ndi chilembo chimodzi chokha. Batala m'Chipwitikizi ndi manteiga, koma ku Spain ndi mantequilla. Mukaona manteca m'sitolo ya ku Spain, kawirikawiri amakhala mafuta a nkhumba, ngakhale kuti ku Argentina liwu lomwelo ndi batala. Liwu lakuti cerdo, nkhumba, liloweze msanga, ndipo muzilifufuza papaketi musanagule.

Nanga tichite bwanji? Mawu osokonezawa alembedwe awiriawiri m'kope, lililonse m'chiganizo chake, osati palokha. Awerengedwe mokweza kufikira khutu litamva kusiyana kwake. Liwu limene mukuona ngati mukulidziwa kale ndilo muyambe kuliyang'ana mu dikishonale.

Inu makolo, ngakhale simudziwa Chisipanishi, tengani kopelo madzulo muzimufunsa mwana mawuwo. Ndipo mumuuze kuti akadzafika kuchilendo asamachite manyazi kufunsa wogulitsa chimene chili m'chakudya. Paja akuluakulu adati safunsa adadya phula.