iPhone kapena Android? Funsani kaye batire

Mkangano wa iPhone ndi Android pakati pa achinyamata wafanana ndi wa Bullets ndi Wanderers: aliyense ali ndi timu yake ndipo palibe amamva za mnzake. Wa iPhone akuti kamera yake ndi yakupsa, wa Tecno akuti yake imatha masiku awiri osatchaja. Ine ngati mphunzitsi wa fizikisi ndili ndi mbali yanga, ndipo ndinena poyera. Kwa wophunzira wa ku Kawale, Biwi, Chinsapo kapena Mgona, amene makolo ake asonkha ndalama movutikira kuti akhale ndi foni imodzi yoti imuthandize mpaka MSCE, foni ya Android yatsopano ya batire lalikulu imaposa iPhone yakale yogula kwa munthu. Musangondikhulupirira chifukwa ndine aphunzitsi ayi. Tiyeni tiwerengere limodzi.

Tiyambe ndi nambala imene ogulitsa amakonda kufuula: 5000 mAh. Ambiri amaganiza kuti imeneyi ndi mphamvu ya batire, koma kwenikweni ndi kuchuluka kwa charge. Mukukumbukira kuti Q = It? 5000 mAh ndi chimodzimodzi 5 Ah, kutanthauza kuti batire lingapereke ampere imodzi kwa maola asanu. Kuti tipeze mphamvu yeniyeni yosungidwa, imene m'kalasi timaitcha energy, timachulukitsa ndi voltage. Mabatire a lithium-ion a m'mafoni amakhala ndi voltage ya pafupifupi 3.8 V. Ndiye batire la 5000 mAh pa 3.85 V lili ndi 5 × 3.85 = 19.25 Wh. Mukachulukitsa ndi masekondi 3600 mupeza ma joule 69,300. Batire lotere mumalipeza m'mafoni ambiri a Tecno, Infinix, itel ndi Samsung Galaxy A amene ali m'mashopu m'tauni.

Tsopano titenge iPhone 11, imene inatuluka mu 2019 ndipo ikuyendabe kwambiri m'manja mwa anthu kuno. Batire lake ndi 3110 mAh, zimene zimatipatsa pafupifupi 11.9 Wh likadali latsopano. Koma iPhone 11 imene mungagule lero si yatsopano. Kampani ya Apple yomwe imanena kuti mabatire a mafoni ake mpaka iPhone 14 anapangidwa kuti azisunga 80 peresenti ya mphamvu zawo akatchajidwa modzaza ka 500. Munthu wotchaja tsiku lililonse amafika pa 500 asanathe zaka ziwiri. Ndiye 80 peresenti ya 11.9 Wh ndi 9.5 Wh. Yerekezani ndi 19.25 Wh ija. Ndi theka basi.

Ganizirani anthu awiri amene akupita kukatunga madzi pa kiyosiki. Wina wanyamula chigubu cha malita 20, wina cha malita 10. Kodi wa malita 20 ndiye madzi ake akhalitsa? Osati nthawi zonse. Zimatengera kuti kunyumba kwake madzi amagwiritsidwa ntchito bwanji, komanso ngati chigubucho sichikudontha. M'fizikisi timati nthawi = energy ÷ power. Apa ndi pamene anthu a iPhone ali ndi mfundo, ndipo tiyenera kuwamvera. Apple imakonza yokha chip ya foni komanso iOS imene imayendetsa foniyo, choncho ziwirizi zimagwirizana bwino. iOS ndi yokhwimanso kwa ma app amene amafuna kumagwira ntchito mobisa sikirini itazima. Mafoni ambiri otchipa a Android amabwera ndi ma app amene simunawapemphe, ena otsatsa malonda, ndipo amamwa batire ndi bandulo mwakachetechete. Chigubu chawo n'chachikulu koma chimadontha.

Funso ndi lakuti, kudonthako n'kokwanira kufafaniza kusiyana kwa theka? Tiyerekeze kuti mafoni onse awiri akudya 1.5 W pamene mukuonera vidiyo ya phunziro. Wa 19.25 Wh atha maola pafupifupi 13, wa 9.5 Wh atha maola 6 ndi pang'ono. Kuti iPhone yakaleyo ifanane ndi inzakeyo, iyenera kudya theka la mphamvu pa ntchito yomweyo. Zimenezi n'zovuta, chifukwa mbali yaikulu ya mphamvu imathera ku zinthu ziwiri zimene sizisamala za dzina la kampani.

Choyamba ndi sikirini. Kuwala ndi energy, ndipo mukakweza kuwala kuti muone bwino padzuwa pa siteji ya minibasi, batire limatsika mofulumira pa foni iliyonse. Pali mitundu iwiri ya sikirini. Ya LCD ili ndi nyali kumbuyo imene imayaka nthawi yonse, kaya chithunzi n'chakuda kaya n'choyera. Ya OLED kadontho kalikonse kamawala pakokha, ndipo pamalo akuda timadonthoto timazima. N'chifukwa chake dark mode imapulumutsa batire pa OLED koma pa LCD sithandiza kwenikweni. iPhone 11 ndi ya LCD, monganso mafoni ambiri otchipa a Android.

Chachiwiri ndi netiweki. Foni imalankhula ndi nsanja kudzera m'mafunde a wailesi, ndipo mafundewa amafooka akamayenda mtunda kapena akamadutsa makoma ndi malata. Timizere ta netiweki tikatsala kamodzi, foni imakweza mphamvu yotumizira, ngati munthu wokuwa kuti amveke kutsidya kwa mtsinje wa Lilongwe. Mukaona batire likutha msanga muli m'chipinda cham'kati, musathamangire kunyoza foni. Mwina ikungokuwa.

Palinso china chimene batire lokalamba limachita. Mukukumbukira internal resistance, ndi V = E − Ir? Batire likamakalamba, r imakula. Mukatsegula kamera kapena gemu, foni imakoka current yambiri mwadzidzidzi, Ir imakula, voltage yofika ku chip imagwa, foni n'kuzima pamene ikuonetsa kuti batire lilipo. Mu December 2017 Apple inavomera kuti imachepetsa liwiro la ma iPhone ena a mabatire okalamba pofuna kupewa kuzima kotereku, ndipo anthu ambiri anakwiya chifukwa sanauzidwe. Vutoli si la Apple yokha. Ndi khalidwe la batire lililonse la lithium-ion, luso limene Sony inayamba kugulitsa mu 1991 ndipo linapatsa John Goodenough, Stanley Whittingham ndi Akira Yoshino mphoto ya Nobel mu 2019. Batire ndi kemisitiri, ndipo kemisitiri imakalamba.

Mwina mukuti, “Aaa, aphunzitsi, likatha ndingotchajanso basi.” Kutchaja pakokha sikudula. Yuniti imodzi ya ESCOM ndi 1 kWh, yomwe ndi 1000 Wh. Gawani ndi 19.25 mupeza 52. Ngakhale titachotsa mphamvu yotayika ngati kutentha mu chaja, yuniti imodzi ingadzaze foniyo maulendo 40 kapena kuposa. Vuto lathu si mtengo wa magetsiwo koma kupezeka kwake. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mu January 2022 namondwe Ana anaononga damu la Kapichira, dziko linataya pafupifupi 130 MW, ndipo zinatenga mpaka 2023 kuti makinawo ayambenso kugwira ntchito. Amene munali ku Area 23 kapena Area 25 nthawi imeneyo mukudziwa mmene madzulo ankakhalira. Nyumba zinanso zilibiretu magetsi, foni imakatchajidwa kwa aneba kapena pa barbershop molipira. Amene anapanga iPhone ku California ankaganiza za munthu amene ali ndi soketi pafupi ndi bedi, mu ofesi ndi m'galimoto. Kampani ya Transsion ya ku Shenzhen, mwini wa Tecno, itel ndi Infinix, inakula poganizira msika wa mu Africa, ndipo n'chifukwa chake imalimbikira mabatire aakulu ndi malo a SIM awiri.

Za SIM zo si zachibwana. Ambirife timayenda ndi Airtel ndi TNM pamodzi: uku bandulo yatchipa, uku netiweki ikugwira bwino, mayi amatumiza ndalama pa Airtel Money pamene amalume amakonda Mpamba. Ma iPhone ambiri ali ndi malo a SIM amodzi, yachiwiri imakhala eSIM. Amene anapangidwira msika wa ku America kuyambira iPhone 14 alibiretu polowetsa SIM. Onani bwino musanapereke ndalama.

Nanga zina za tsiku ndi tsiku? Mnzanu ali ndi mapepala a mayeso akale a MANEB pa Android yake, mukufuna akutumizireni popanda bandulo. Bluetooth ya iPhone situmiza kapena kulandira mafayilo kuchokera ku Android, ndiye mufunika kusaka njira ina. iPhone ilibe polowetsa memory card, ilibenso wailesi ya FM, pamene mafoni ambiri a Tecno ndi itel amakulolani kumvera MBC kapena Zodiak osawononga ngakhale MB imodzi. Chingwe nachonso ndi nkhani. Ma iPhone mpaka 14 amagwiritsa ntchito Lightning, ndipo Apple inasinthira ku USB-C mu 2023 pa iPhone 15, malamulo a European Union atakakamiza. Mukaiwala chingwe cha Lightning kunyumba, mwayi woti mnzanu ali nacho ndi wochepa. Ndipo sikirini ikasweka, zipangizo za Tecno ndi Samsung amisiri a m'tauni amazipeza mosavuta.

Chilungamo chikufuna ndinenenso kumene iPhone imapambana. Apple imatumiza ma update kwa zaka zambiri: iPhone 11 ya 2019 inalandirabe iOS 26 mu 2025. Mafoni ambiri otchipa a Android amasiya kulandira ma update pakangopita zaka zochepa, ndipo foni imene mumasungiramo ndalama ikufunika chitetezo. Samsung yayamba kusintha, inalonjeza zaka zisanu ndi chimodzi pa Galaxy A16, koma si makampani onse. iPhone imakuuzaninso thanzi la batire mukalowa mu Settings, Battery, kenako Battery Health, pamene mafoni ambiri a Android saonetsa nambala imeneyi, ndiye kugula Android yakale ndi kugula nkhuku ili m'thumba. Ndipo iPhone yatsopano yaikulu, ngati za Pro Max, batire lake limalimba ndithu. Koma mtengo wake ungalipire fizi ya zaka zingapo. Mpikisano weniweni wa m'thumba mwathu ndi wa iPhone ya zaka zisanu ndi Android ya m'bokosi, pa ndalama zofanana.

Ngati mtima wanu uli pa iPhone basi, sindikuletsani, koma gulani ndi maso. Onani Battery Health. Ikakhala pansi pa 80 peresenti, onjezerani mtengo wa batire latsopano pa bajeti yanu. Onetsetsani kuti mwini wakale watuluka mu iCloud pamaso panu, apo ayi mudzatsala ndi kagalasi kokongola kosatsegulika. Pa foni iliyonse imbani *#06# muone nambala ya IMEI, muyerekeze ndi ya pa bokosi. Foni yotchipa modabwitsa, yopanda bokosi ngakhale lisiti, ikhoza kukhala yobedwa.

Foni iliyonse imene muli nayo, mdani wake wamkulu ndi kutentha. Kutentha kumafulumizitsa ma reaction amene amaononga batire. Apple imalangiza kuti foni izigwira ntchito pakati pa 0 ndi 35 °C, ndipo mu October kuno ku Lilongwe, m'nyumba ya malata yopanda siling'i, simuchedwa kufika pamenepo. Musatchaje foni pansi pa pilo kapena pawindo padzuwa. Musamaseweretse gemu ili pa chaja. Musamalole kuti izifika pa 0 kawirikawiri. Magetsi akathima zulani chaja, mudikire abwere akhazikike. Batire likatupa mpaka kukankha chivundikiro, siyani kuligwiritsa ntchito, musaliboole, lingayake moto. Za power bank, kumbukirani kuti 10,000 mAh yolembedwayo ndi ya pa 3.7 V, kutanthauza 37 Wh, ndipo ina imatayika posintha voltage. Singadzaze foni ya 5000 mAh kawiri.

Nayi ntchito ya kunyumba, popeza m'masukulu ambiri foni siloledwa m'kalasi. Pezani mnzanu wa foni yosiyana ndi yanu. Tchajani onse awiri afike 100 peresenti, ikani kuwala kwa sikirini pakati, tsegulani airplane mode, muonere vidiyo imodzimodzi yosungidwa m'foni kwa ola lathunthu. Lembani maperesenti amene atsika. Ngati foni ya 19.25 Wh yatsika ndi 10 peresenti, yadya pafupifupi 1.9 Wh pa ola, ndiye power yake ndi 1.9 W. Bwerezani katatu mupeze avareji, kenako yesaninso kuwala kuli pamwamba. Lingaliraninso chimene chingasokoneze zotsatira zanu: kodi pakati pa sikirini ina ndi pakati pa inzake n'pofanana? Mukatero mudzapita kwa makolo ndi manambala anuanu, ndipo pokagula foni mudzafunsa wogulitsa funso loyenera: batire ili latsala ndi ma Wh angati?