Lichero timalikhulupirira, wowotcherera timamuseka

Kwathu ku Mwanza, wina akanena kuti ndege ya ufiti yagwa, mudzi wonse umathamangira kukaona lichero. Koma wowotcherera zitsulo pa boma akati akufuna kupanga kandege potsata mapulani, timati wasuta chamba. Ine izi zimandinyansa.

William Kamkwamba ankamunenanso wamisala ku Wimbe asanayatse magetsi ndi makina ake amphepo. Mu 2017 dziko lathu linatsegula malo oyesera ma drone ku Kasungu, ndiye tisamati mlengalenga ndi mwa azungu okha.

Ndege yopangidwa molakwika imapha, inde. N'chifukwa chake akatswiri a boma aziyeza mapiko, injini ndi kulemera kwake, osangomuletsa munthu. Ophunzirafe tisiye kuseka. Mapulaniwo ali m'Chingerezi, tiyeni tikamumasulire.