Honda yakale siigwa ku fitinesi chifukwa cha zaka

Pali nkhani imene yazika mizu pakati pa eni njinga zamoto ku Kanyama, Chawama ndi George mu Lusaka, ndipo imanenedwa motsimikiza ngati kuti inalembedwa m'malamulo. Akuti njinga ikapitirira zaka 10, kupita nayo ku RTSA n'kutaya nthawi ndi mafuta, chifukwa woyesa akangoona nambala yakale amaigwetsa asanaigwire n'komwe. Ena amathira mchere kuti yakale imapasa pokhapokha mwini wake atadutsira kwa munthu wodziwa makomo, n'kumusiyira kangachepe. Mnyamata amene wangogula kumene ka honda kosiyidwa ndi amalume ake akamva zimenezi kwa akuluakulu a pa siteshoni, amangovomera. Zotsatira zake timaziona tonse: njinga zokhotera m'tinjira ta m'komboni zikangoona apolisi patsogolo, zopanda pepala lililonse la chaka chino.

Nkhaniyi ndi yabodza, ndipo ikuwonongetsa anthu ndalama zimene alibe.

Bungwe la Road Transport and Safety Agency (RTSA) linakhazikitsidwa ndi lamulo la Road Traffic Act la 2002. Pamaso pa lamuloli njinga yamoto ndi galimoto ngati ina iliyonse: iyenera kulembetsedwa, kulipiridwa msonkho wa pamsewu, kukhala ndi inshuwalansi komanso kuyesedwa ngati ili yoyenera kuyenda. Lamulo silinaike zaka zimene njinga imapumira pa ntchito. Woyesa wa ku Lumumba Road, ku Mimosa kapena ku Silverest amayang'ana zinthu zogwirika ndi manja. Kodi nyali yakutsogolo ikuyaka, yapafupi ndi yapatali yomwe? Nanga yakumbuyo ikuwala munthu akaponda buleki? Hutala ikulira? Magalasi oonera kumbuyo alipo? Matayala ali ndi mano? Mabuleki akugwira? Handulo ikutembenuka bwino popanda kugwedera? Nambala yodindidwa pa felemu ikufanana ndi imene ili mu white book, buku la umwini wa njinga? Pa mafunso onsewa palibe limene yankho lake ndi chaka chimene njinga inatuluka m'fakitale.

Ndipotu njinga yamoto ili ndi zinthu zochepa zoti n'kugwa nazo poyerekeza ndi galimoto. Ku Britain, kumene njinga iliyonse yopitirira zaka 3 imayesedwa chaka ndi chaka pa mayeso otchedwa MOT ndipo zotsatira zake zimasindikizidwa, njinga zamoto zimapasa kwambiri kuposa magalimoto, ndipo chimene chimagwetsa zambiri mwa zogwazo ndi nyali ndi zamagetsi. Babu wakupsa, swichi ya buleki yomata. Kuyambira mu May 2018 dzikolo linafika pomasula njinga ndi magalimoto opitirira zaka 40 kuti asamakakamizidwe kuyesedwa, poona kuti eni ake ambiri amazisamala kwambiri ndipo saziyendetsa mitunda italiitali. Zimenezo sizingakopedwe ku Lusaka, kumene njinga yakale imagwira ntchito tsiku lililonse, itanyamula matumba a makala kapena makatoni a katundu wa ku Soweto Market. Koma zikusonyeza kuti ngakhale kumene amayesa mokhwimitsa, ukalamba paokha sauwerengera ngati mlandu.

Tisaiwalenso mtundu wa njinga zimene tikukambazi. Honda CG125 inatuluka mu 1975, akatswiri a kampaniyo atayendera mayiko osauka n'kupeza kuti anthu amakweza banja lonse pa njinga imodzi, oyilo sasintha mpaka atada bii, ndipo kwa makaniko amapita njinga ikafa. Anapanga injini yoti ipirire nkhanza zoterozo, yosavuta kumasula ndi masipanala wamba. Yamaha AG200, imene mabungwe ndi azaumoyo akhala akuyendera m'midzi ya ku Chipata, Katete ndi Petauke, inapangidwira kumunda. Bajaj Boxer ndi TVS za ku India, zimene zadzaza misewu masiku ano, zinatsata nzeru yomweyo: injini yaing'ono, mabuleki a dramu pa zambiri, zipangizo zopezeka paliponse. Njinga zotere zimakalamba pang'onopang'ono. Chimene chimatha msanga ndi zinthu zimene wozipanga anadziwa kale kuti zizisinthidwa, monga matayala, tcheni, masipuloketi, mashuzi a buleki, makebulo ndi mababu, ndipo izi ndi zomwezo zimene woyesa amayang'ana.

Apa ndi pamene ofalitsa mphekesera amasokoneza zinthu ziwiri. N'zoona kuti njinga zakale zambiri za m'komboni zikhoza kugwa zitapita kukayesedwa lero. Koma taonani kumene zimakhala. Kanyama anamangidwa pamalo athyathyathya, pamwamba pa mwala, madzi ali pafupi ndi nthaka, kotero kuti mvula ikagwa kuyambira November mpaka March misewu imasanduka madambo. Njinga imene yawoloka zithaphwi za mu Los Angeles Road m'mawa ndi madzulo imalowa madzi mu dramu ya buleki, m'mabering'i a mawilo ndi m'malumikizidwe a mawaya. Dzimbiri limayamba ntchito yake mwakachetechete. Ikafika August fumbi limalowa m'malo mwa matope, n'kusakanikirana ndi oyilo wa pa tcheni, n'kumadya mano a sipuloketi mpaka atasongoka ngati minga. Maenje amamasula masipoko ndi kuphwanya mabering'i a handulo. Zonsezi zimachitikira njinga ya chaka chatha chimodzimodzi ndi ya 2008. Boxer yatsopano ya mnyamata woperekera anthu chakudya m'tauni, imene imayenda kuyambira mbandakucha mpaka usiku, ikhoza kumaliza matayala ndi mabuleki chaka chisanathe, pamene CG125 ya mdala wa ku Mtendere yongopita kutchalitchi ndi kumunda ku Chongwe ili ndi zonse m'malo mwake.

Amene akufuna kuona kusiyanaku akaime pa galaja ya makaniko wodziwa ntchito ku Matero. Amaimika njinga pa sitandi yapakati, n'kuzunguza wilo lakutsogolo uku akugogoda masipoko ndi sipanala limodzi limodzi. Lolimba limalira ngwe, lomasuka limangoti phu. Amagwira mafoloko awiri akutsogolo n'kukokera kwa iye, kumvetsera ngati m'khosi mwa felemu mukugogoda. Amakankha tcheni ndi chala chapakati pake, ndipo ikasewera kupitirira masentimita awiri kapena atatu amaikoka. Pa mkono wa buleki ya dramu pali kamuvi, ndipo kakafika pa chizindikiro chake munthu ataponda, mashuzi atha. Kenako amawerama n'kuwerenga manambala anayi a m'mbali mwa tayala: 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Tayala lotere likhoza kukhala ndi mano koma mphira wake utauma n'kuyamba ming'alu. Ntchito yonseyi siitenga ola, ndipo zambiri zimene amapeza zimakonzeka tsiku lomwelo ndi zipangizo za m'mashopu a m'tauni.

Kuti kusamala n'kumene kumasunga njinga, dziko lino linaona kale. Bungwe la Riders for Health, limene anayambitsa Barry ndi Andrea Coleman pamodzi ndi katswiri wa mpikisano wa njinga Randy Mamola, linabadwa chifukwa choona njinga za azaumoyo mu Africa zitaunjikidwa kuseri kwa zipatala zikadali zatsopano, zitafa chifukwa cha kachipangizo kotchipa. Njira yawo inali yophweka: wokwera aziyendera njinga yake m'mawa uliwonse, makaniko azibwera pa nthawi yoikika, chipangizo chizisinthidwa chisanathyoke. Ofufuza a ku yunivesite ya Stanford atayesa njirayi m'chigawo cha Kummwera kwa Zambia, anapeza kuti njinga zosamalidwa motere zinkagwira ntchito masiku ambiri ndipo azaumoyo ankafika nazo m'midzi kawirikawiri kuposa anzawo. Njinga zinkafa zili zatsopano pamene panalibe wozisamala.

Nanga bodzali likukhaliranji moyo? Mbali ina n'chifukwa chakuti ambiri olinena sanapiteko n'komwe. Ali ngati mwana wasukulu amene wathawa mayeso, kenako n'kumauza makolo kuti aphunzitsi amamuda. Mbali ina n'chifukwa chakuti pali odyerapo. Munthu amene amakuuzani kuti "bosi, iyi yakale siingapase, ndipatseni ndikuthandizeni" akugulitsa mantha, ndipo mtengo wake nthawi zambiri ukanagula tayala kapena mashuzi a buleki. Pepala lopezeka mwanjira imeneyo siliimitsa njinga minibasi ikaima mwadzidzidzi mu Kafue Road. Wokwerayo amakhala walipira kawiri, koyamba kwa wonyengayo, kachiwiri ku chipatala cha UTH.

Sitikunena kuti njinga yakale ilibe mavuto akeake. Zina zakale kwambiri zili ndi magetsi a mavoti 6, ndipo nyali yake imafooka injini ikamalira pang'onopang'ono. Mawaya amene adulidwa ndi kulumikizidwa ndi amakaniko asanu osiyanasiyana amavuta kuwalondola, kotero kuti nthawi zina n'kwanzeru kungosintha onse. Felemu imene inathyokapo chifukwa cha katundu wolemera n'kuwotchereredwa ndi nkhani yaikulu. Owotcherera a mu Alick Nkhata Road ku Kalingalinga ndi akatswiri pa mageti ndi mafelemu a mawindo, koma khosi la njinga likapindika, mawilo awiri sayendanso mzere umodzi, ndipo woyesa akaikana amakhala wapulumutsa moyo. Palinso zipangizo zachinyengo zimene zimafanana ndi zenizeni pa katoni pokha: babu wopsa sabata yomweyo, tcheni chotanuka mwezi usanathe. Mwini njinga amene wagula zoterezi n'kukagwa ali ndi chifukwa chodandaulira, koma wolakwa ndi wogulitsa uja.

Vuto lenileni limene limatsekereza njinga zakale zambiri lili m'mapepala. Njinga imene yadutsa m'manja mwa anthu anayi, aliyense kungolemberana pa pepala la m'kope, white book ikadali m'dzina la mwini woyamba amene anasamukira ku Kitwe kapena anamwalira kalekale. Njinga yogulidwa pa okishoni ya bungwe koma umwini osasinthidwa. Njinga imene inalowa m'dziko kudzera m'tinjira ta pafupi ndi Mwami, Chanida kapena Nakonde osaonekera ku bungwe la misonkho la ZRA. Ina injini inasinthidwa, nambala yake n'kusiyana ndi yolembedwa. Mwini njinga yotere akabwezedwa, kunyumba amakanena kuti aikana chifukwa ndi yakale, pakuti n'kosavuta kunena choncho kusiyana ndi kufotokoza kumene anaitenga. Womvetsera amatenga mawuwo n'kupita nawo pa siteshoni, bodza n'kumakula.

Mavuto a mapepalawa makaniko sangawathe. Njira yake ndi ya ku ZRA, kupolisi kumene amatsimikiza kuti njinga si yobedwa, ndi ku RTSA kukasintha umwini, ndipo imafuna kuleza mtima. Amene akufuna kugula honda yakale ku Chawama kapena ku George ayambire pomwepo. Apukute girizi pa khosi la felemu, awerenge nambala imodzi imodzi akuyerekeza ndi white book, aone ngati dzina la m'bukumo ndi lomwe lili pa chiphaso cha NRC cha wogulitsa, ndipo apite naye limodzi kukasintha umwini asanapereke ndalama yomaliza.