Kasitima ka mawaya kaja tinakaseka molakwa

Anzanga, Lachisanu lapitali pa buleki ndinaona zinthu zimene zikundivutabe mumtima. Mnyamata wina wa Fomu 1 anatulutsa m'chikwama kasitima ka mawaya kopanga yekha: mutu wake, mabogi awiri, mateyala a zitsekerero za mabotolo. Tinamuzungulira, ena n'kuyamba: "Aise, kuno ndi ku sekondale, zidole ukanasiya ku pulayimale." Anakabwezera m'chikwama mwamanyazi. Ine ndinangoti duu, osamuikira kumbuyo. Ndiye lero ndikunena poyera kuti tinalakwa, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Amene munaonerapo mafilimu a Harry Potter mukuikumbukira sitima yofiira ija yonyamula ana asukulu, Hogwarts Express. Sitima imeneyo si ya pakompyuta ayi. Mutu wake ndi weniweni, woyendera malasha ndi nthunzi, dzina lake Olton Hall, nambala 5972. Unapangidwa mu 1937 ku Swindon, ku England. Utagwira ntchito zaka zoposa 25, anautaya kumalo ophwanyirako zitsulo zakutha ku Barry, ku Wales, kumene unakhala ukudyedwa ndi dzimbiri mpaka anthu okonda sitima zakale anaugula mu 1981 n'kuyamba kuukonza. Filimu yoyamba itatuluka mu 2001, mutu womwe unatayidwa uja, atautenta penti yofiira, unadziwika dziko lonse.

Tsono mvetserani apa. Kampani ya Hornby, ya ku England konko, imapanga tisitima tating'ono toyendera magetsi, ndipo inapanganso ka Hogwarts Express. Ku America nakonso kampani ya Lionel imapanga tisitima ta m'filimu ya The Polar Express ya mu 2004, imene sitima yake anaijambula potengera mutu weniweni wotchedwa Pere Marquette 1225, wopangidwa mu 1941. Ogula tisitimati si ana okha. Alipo azibambo a imvi amene amayala tinjanji m'chipinda chonse, n'kumangamo timilatho ndi timasiteshoni. Palibe amawauza kuti abwerere ku pulayimale.

Ndipo ntchito yake si yamasewera. Tisitima tambiri ta Hornby timapangidwa pa muyezo wa 1:76, kutanthauza kuti sentimita imodzi pa kasitima ikuimira masentimita 76 pa sitima yeniyeni. Olton Hall pamodzi ndi ngolo yake ya malasha ndi madzi ndi wotalika pafupifupi mamita 19. Gawani ndi 76, mupeza masentimita 25, osafika n'kutalika kwa rula yathu ya m'kalasi. Chumuni, mateyala anayi aang'ono akutsogolo, asanu ndi limodzi aakulu oyendetsa, zonse ziyenera kuchepetsedwa mofanana, apo ayi kasitima kaoneka kopunduka. Kodi si masamu omwe aja amatigonetsa masana, ndi sikelo ya mapu ija ya mu Jogalafe? Mnyamata wa Fomu 1 uja, poyeza ndi maso kuti bogi isapose mutu, amachita zomwezo, kungoti alibe fakitale.

Ndikudziwa ena muti: "Izo ndi za azungu, ndi bizinesi yodyera makolo ndalama basi." Mbali ina mukunena zoona. Tisitimati n'todula, ndipo kampani singangolemba dzina la Hogwarts popanda chilolezo cha eni filimu, amene amalandirapo zawo. Ine sindikuti tizilirira makolo kuti atigulire, pamene fizi ikuwasowetsa tulo. Koma taonani chimene bizinesi imeneyi ikutiphunzitsa. Mitu ya sitima ya mtundu wa Olton Hall inapangidwa yoposa 250, ndipo yambiri inaphwanyidwa. Uwu wokha ndi umene mwana wa ku Japan kapena ku Brazil angauzindikire. N'chifukwa chiyani? Uli ndi nkhani. Munthu sagula pulasitiki ndi tizitsulo, amagula ulendo umene anauona pa kanema, sitima ikudutsa pa mlatho wa Glenfinnan ku Scotland, utsi uli tolotolo. Nkhani ndi luso la manja zikakumana, ngakhale chitsulo chadzimbiri chimasanduka chuma.

Nanga ife tilibe zonsezo? Luso lilipo. Ndani pano sanapindepo waya kupanga galimoto, yokhala ndi chiwongolero chachitali ndi mateyala okhota? Ndani sanaumbepo ng'ombe yadothi? Nkhani ziliponso. Njanji inafika ku Blantyre kuchokera ku Nsanje mu 1908. Funsani agogo anu za ulendo wa pa sitima kuchokera ku Limbe kupita ku Balaka, mumva zambiri zoti munthu n'kupangira filimu. Chimene tilibe ndi ulemu pa zathu. Akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Kasitima kochokera kunja kali m'bokosi timakatcha luso, ka mnzathu ka mawaya timakatcha chibwana. Zoona zimenezo?

Chimene ndikuopa n'chakuti mnyamata uja sadzapindanso waya. Ndipo umo ndi mmene timaphera amisiri ndi mainjiniya athu, osati ndi ndodo, koma ndi phwete la pa buleki.

Pempho langa nali. Kalabu ya sayansi itilole tichite chionetsero teremu ino: aliyense apange sitima, basi kapena njinga ndi mawaya, makatoni kapena zitini, alembe muyezo umene wagwiritsa ntchito ndi kankhani kake pambali. Aphunzitsi a masamu ayeze ndi rula aone ngati zikugwirizana.

Ndipo iwe mng'ono wanga wa Fomu 1, ngati ukuwerenga pano, pepa. Lolemba ubwere nako kasitima kaja. Ine ndibwera ndi rula.

Mnzanu wa Fomu 3