Matenda a chiwindi adziwike pa chipatala cha pafupi

Munthu wa ku Chilumba akadwala, woyamba kumuona sakhala dokotala wamkulu wa ku Mzuzu kapena ku Lilongwe. Amakumana ndi namwino, mzamba, kapena mmodzi wa ma clinical officer ndi ma medical assistant amene kumudzi timangowatcha adokotala. Zimene anthu amenewa adziwa ndizo zimapulumutsa wodwala, ndipo zimene sadaphunzitsidwe zimamubweza kunyumba ndi matenda ake. Nchifukwa chake ife tikuti ntchito yowaphunzitsa kuzindikira ndi kuchiza matenda a chiwindi oyamba ndi tizirombo ta Hepatitis B ndi Hepatitis C iyenera kuikidwa patsogolo.

Vutoli ndi lalikulu. Bungwe la zaumoyo la World Health Organization, kapena kuti WHO, lidalengeza mu 2024 kuti m'chaka cha 2022 anthu 254 miliyoni pa dziko lonse adali ndi Hepatitis B, ena 50 miliyoni adali ndi Hepatitis C, ndipo anthu 1.3 miliyoni adamwalira ndi matendawa. Mwa anthu 100 alionse okhala ndi Hepatitis B, 13 okha ndiwo adali atayezedwa nkudziwa za vuto lao. Kuno kwathu, kafukufuku wa ku Ndirande mumzinda wa Blantyre, amene adafalitsidwa mu 2022, adapeza kachirombo ka Hepatitis B mwa akuluakulu 5 pa 100 alionse.

Akuluakulu adati chakudza sichiimba ng'oma. Munthu angathe kukhala ndi kachiromboka zaka 20 kapena 30 akulima, akupalasa bwato ndi kulera ana, osamva kupweteka kulikonse, pamene chiwindi chikuuma pang'onopang'ono. Maso akadzasanduka achikasu, mimba nkutupa, miyendo nkudzaza madzi, kawirikawiri chiwindi chimakhala chitaonongeka kale kapena khansa italowa. Pamenepo ngakhale achibale agulitse ng'ombe kuti akwere naye phiri la Chiweta kupita ku chipatala chachikulu cha Mzuzu, thandizo lopezeka limakhala lochepa. Nthawi yabwino yomupeza munthu wotere ndi pamene wabwera ku chipatala cha kwao ndi nkhani ina, monga sikelo, malungo kapena kuyezetsa HIV.

Tatchula Chilumba mwadala, pakuti dera limeneli lidaphunzitsa kale dziko lino zimene anthu ophunzitsidwa bwino angachite ngakhale asali madokotala aakulu. Mu 1979 bungwe la LEPRA lidakhazikitsa kumeneko kafukufuku wa matenda a khate, amene pambuyo pake adadziwika ndi dzina lakuti Karonga Prevention Study, ndipo ntchito yake ikupitirizidwa ndi bungwe la MEIRU. Antchito a zaumoyo adayenda khomo ndi khomo m'boma lonse la Karonga, nayeza anthu oposa 100,000. Iwo adaphunzitsidwa kusiyanitsa banga la khate ndi mabanga ena a pakhungu, kulemba dzina la wodwala ndi kumulondola mpaka atatsiriza mankhwala. Ntchito yotere, pamodzi ndi ya m'maboma ena, idathandiza kuti pofika 1994 khate lichepe m'Malawi muno kufika pa mlingo umene WHO idaika.

Phunziro lachiwiri lidadza ndi mankhwala a ma ARV. Boma litayamba kugawa mankhwalawa kwaulere mu 2004, chipatala cha boma la Karonga chidatsegula malo ogawira mu 2005. Kalembera wa anthu obadwa ndi omwalira amene amachitika m'midzi yozungulira Chilumba kuyambira 2002 adaonetsa kuti imfa za akuluakulu zidayamba kutsika, makamaka m'midzi ya kufupi ndi msewu wa phula, kumene ulendo wa kuchipatala udali wosavuta. Tanthauzo lake nlodziwikiratu: mankhwala amapulumutsa munthu amene angathe kuwafikira. Kuchokera pa Chilumba kufika pa boma la Karonga ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 70, ndipo msodzi kapena mlimi wa chinangwa amene sakumva kupweteka sangataye ndalama ndi tsiku la ntchito pa ulendo wotere.

Zipangizo zogwirira ntchitoyi sizachilendo. Kuyeza Hepatitis B kumalira kadontho ka magazi a pachala, monga momwe timayezera HIV, ndipo zotsatira zimatuluka wodwala asanachoke pa benchi. Mankhwala ake aakulu ndi tenofovir, amene anamwino athu amawadziwa kale chifukwa ali m'gulu la ma ARV ogawidwa tsiku ndi tsiku. Hepatitis C, amene ngochepa kuno poyerekeza ndi B, amachizika ndi mapiritsi a milungu 12, ndipo odwala oposa 95 pa 100 amachira. Mu Malichi 2024, WHO idatulutsa malangizo atsopano ofewetsa njira yosankhira woyenera kuyamba mankhwala a Hepatitis B. Kumene kulibe makina owerengera tizirombo m'magazi, wogwira ntchito angathe kugwiritsa ntchito zotsatira ziwiri za magazi zodziwika kale, nawerengera mwa njira yotchedwa APRI kuti aone ngati chiwindi chayamba kuonongeka.

Tsono maphunziro amene tikupempha akhale a zinthu zogwirika. Wogwira ntchito adziwe woyenera kuyezedwa: mayi aliyense woyembekezera, munthu wokhala ndi HIV, mkazi kapena mwamuna ndi ana a amene wapezeka ndi kachiromboka, ndiponso iye mwini, pakuti amagwira majekeseni ndi magazi tsiku lililonse. Adziwe kuti chikasu m'maso sichitanthauza malungo nthawi zonse. Adziwenso kuti m'mbali mwa nyanja chiwindi chili ndi adani ena, monga likodzo la m'matumbo, kachasu, ndi chuku cha mu mtedza ndi chimanga chosauma bwino, ndipo kuti adani amenewa akakumana ndi Hepatitis B kuonongeka kumafulumira. Aphunzire kuchenjeza wodwala kuti kusiya tenofovir mwadzidzidzi kungadzutse matenda mwamphamvu, ndi kuzindikira msanga woyenera kutumizidwa ku chipatala chachikulu.

Koposa zonse, azamba aphunzitsidwe kuteteza khanda. Makanda 9 mwa 10 alionse amene atenga kachiromboka pobadwa amakhala nako moyo wao wonse, pamene mwa akuluakulu ochitenga atakula, osakwana 5 pa 100 ndiwo amakhala nako. Dziko lino lidaika katemera wa Hepatitis B m'gulu la akatemera a ana mu 2002, woperekedwa pa milungu 6, 10 ndi 14, ndipo phindu lake lidaoneka pa kafukufuku wa ku Ndirande uja, kumene ana 3 okha pa 1,000 obadwa katemerayu atayamba ndiwo adapezeka ndi kachiromboka. Komabe milungu 6 ndi yaitali kwa mwana amene mayi wake ali nako. WHO imalangiza kuti khanda lilandire katemera woyamba pasanathe maola 24 chibadwire, ndiponso kuti mayi woyenera amwe tenofovir ali woyembekezera. Mzamba wosaphunzitsidwa izi sangazichite, ngakhale katemerayo akhale m'firiji.

Alangizi a zaumoyo a m'midzi asasiyidwe m'mbuyo. Iwo ndiwo amalankhula ndi anthu m'Chitumbuka ndi m'Kyangonde, ndipo ndiwo angafotokozere banja kuti kutupa kwa mimba sikulodzedwa, kuti lezala limodzi lisatemere mphini anthu awiri, ndiponso kuti matendawa safala pa kudyera mbale imodzi kapena kugwirana chanza. Munthu woopa kusalidwa sabwera kudzayezedwa. Mafumu a m'dera la Mfumu Yaikulu Wasambo pamodzi ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti ali ndi udindo wochirikiza uthenga umenewu.

Tiyenera kunenanso poyera kuti maphunziro a masiku atatu mu hotelo, otha ndi kugawana ndalama ndi satifiketi, sangathetse vutoli. Wophunzira abwerere kumene kuli zoyezera, mankhwala osadukiza ndi kaundula wolembamo odwala, ndipo womuphunzitsa azimuyendera pa ntchito pake. Kumuyeza munthu nkumuuza kuti ali ndi kachirombo, kenaka nkumubweza chimanjamanja, nkumusenzetsa nkhawa popanda phindu. Sukulu zophunzitsa anamwino ndi ma clinical officer, monga Malawi College of Health Sciences, ziike phunziro limeneli pamalo oyenera, kuti womaliza maphunziro afike pa ntchito ali wokonzeka.

Mu 2016 maiko a m'bungwe la WHO adagwirizana zothetsa matenda a chiwindi amenewa pofika 2030. Lonjezo limenelo lidzayesedwa pa zipatala monga cha boma cha Chilumba ndi cha mishoni cha St Anne's. Tikupempha Unduna wa Zaumoyo kuti uyambire kumeneko, ndipo Amalawi anzathu, pamene mwapita ku chipatala, pemphani kuti akuyezeni magazi a chiwindi, inu pamodzi ndi a pabanja panu.